Funsani za pa Kanema: Sizoni Yatsopano Ikafika, Kuseka Kumalowera Kuti?

Makalata a mwezi uno achita ngati munapangana. Pafupifupi onse ndi okhudza masewero oseketsa aja ochitikira kuntchito: mu ofesi, pasukulu, m'sitolo, kupolisi. Ndasankhapo asanu ndi imodzi, ena ndawadula chifukwa cha malo. Ndineneretu kuti ndiulula zina zochitika m'masizoni akale, ndiye amene simunafikepo musadzandidandaule kuti ndakuwonongerani.

FUNSO: Bambo, ine ndine mphunzitsi, ndipo sewero la Abbott Elementary ndimalikonda chifukwa limandikumbutsa kuntchito kwathu. Masizoni awiri oyamba ndinaonera osapumira. Nditayamba yachitatu ndapeza Janine wachoka m'kalasi, akugwira ntchito ku likulu la maphunziro, watchena, akuyenda ndi anthu achilendo. Ndinaonera magawo awiri n'kuzimitsa. Kodi sewero lija latha mphamvu, kapena ndine ndakalamba? — Mphunzitsi wa ana aang'ono

YANKHO: Aphunzitsi, simunakalambe, ndipo chomwe chakukhumudwitsanicho chilipodi. Koma yatsaninso.

Sizoni imeneyo inabadwa movutikira. Mu 2023 alembi a masewero ku America ananyanyala ntchito kuyambira pa 2 May mpaka pa 27 September, masiku 148, ndipo azisudzo nawo ananyanyala kuyambira July mpaka November. Sewero lomwe limayenera kuyamba limodzi ndi chaka cha sukulu linadzayamba mu February 2024, ndi magawo 14 okha pomwe sizoni yachiwiri inali ndi 22. Alembi anachita kudumpha miyezi isanu, n'kunena kuti anthu ojambula, amene m'nkhani ya seweroli amajambula moyo wa pasukulupo, anaberedwa makamera ndipo zinawatengera nthawi kuti apeze ena. Bodza limenelo ndinaliseka kwambiri. Pasukulu yosauka ya ku Philadelphia ngati imeneyo, ngakhale ojambula ayenera kusauka nawo.

Tsono pa za Janine. Ine ndinagwira ntchito mu ofesi ya zowerengera ndalama zaka zoposa khumi ndi zisanu. Moyang'anana nane munkakhala bambo wina amene akamawonkhetsa manambala ankang'ung'udza nyimbo imodzimodzi, mzere umodzi wokha, kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Akalakwitsa nambala ankaibwereza kuyambira poyamba. Sindinawasankhe, iwonso sanandisankhe, koma panalibe kothawira chifukwa tonse timadikira malipiro a pakutha pa mwezi. Kuseka konse kwa masewero a kuntchito kumachokera pamenepo: anthu oti sakanacheza n'komwe atakumana panjira, atsekeredwa m'chipinda chimodzi ndi ntchito yoti ithe. Janine ndi kamtsikana kojijirika kofuna kukonza chilichonse lero lomwe. Barbara ndi mayi wa zaka zambiri pantchito amene anaona kale kuti zinthu sizikonzeka lero. Muwaike pamodzi, Barbara angopumira m'mwamba n'kuyang'ana kumbali, inu mwaseka kale. Mukamuchotsa Janine, Barbara apumira m'mwamba chifukwa cha ndani? Chimene munachisowa ndi chimenecho.

Kumbukirani mmene seweroli linayambira mu December 2021. Gawo loyamba nkhani yake inali ya makapeti okhalapo ana m'kalasi, ndalama zake hedi Ava atazigulira chikwangwani. Lachiwiri, babu lothimathima m'khonde, Janine n'kukwera yekha kukalikonza mpaka kuzimitsa magetsi. Tinthu ting'onoting'ono toti mphunzitsi aliyense amatidziwa. Ku likulu kuja kulibe babu lothima. Komabe magawo amenewo ali ndi phindu lake, chifukwa amakuonetsani komwe mapempho a aphunzitsi amakafera: anthu a mtima wabwino ndithu, koma chilichonse chidutse kaye pa miting'i ndi pa mafomu. Ndipo sizoni isanathe Janine abwerera m'kalasi mwake. Yachinayi inabwereranso pa magawo 22.

Ine lamulo langa ndi ili: sizoni yatsopano sindiiweruza ndisanaonere magawo anayi. Gawo loyamba nthawi zambiri limakhala losesa pabwalo, kumasula mfundo zomwe anamanga kumapeto kwa sizoni yatha, kufotokoza amene wachoka ndi amene wabwera. Alembi amakhala otanganidwa kwambiri moti nthabwala zimachepa. Pofika gawo lachinayi ndimadzifunsa funso limodzi basi, loti kodi anthuwa akugwirabe ntchito? Ngati belu likulirabe, ana akusokosabe, choko kulibe, ndiye kuti sewero lili moyo.

FUNSO: Akulu, takanganapo ndi anzanga. Iwo akuti The Office inatha tsiku lomwe Michael Scott anachoka, ndipo masizoni awiri otsalawo ndi kutaya nthawi. Ine ndangomaliza yachisanu ndi chiwiri. Ndipitirize? — Mnyamata wa pa koleji

YANKHO: Mng'ono wanga, anzakowo akunena zoona pang'ono, koma chifukwa chake achiphonya.

Steve Carell, wosewera ngati bwana Michael Scott, anachoka mu April 2011. Opanga seweroli anayamba kuyesa uyu, kuyesa uyo. Will Ferrell anabwera kwa magawo anayi. Kenako James Spader analowa ngati Robert California, bwana wamkulu wa kampani, munthu wolankhula zozunguza mutu, pomwe mpando wa manijala wa ofesi ya ku Scranton unapatsidwa kwa Andy Bernard, yemwe amamusewera ndi Ed Helms. Cholakwika chinali pa Andy. Anamutenga munthu amene tinkamudziwa kale ndi khalidwe lakelake, wokonda kuimba ndi kudzitama za sukulu yomwe anaphunzira, n'kumuveka jekete la Michael: bwana wofunitsitsa kukondedwa, wochititsa manyazi, wa mtima wa mwana. Jeketelo silinamukwane.

Zoterezi ndinaziona ndi maso. Bwana wathu wina wanthabwala atasamutsidwa, wolowa m'malo mwake anamva kuti mnzakeyo ankatsegula miting'i ya Lolemba ndi kankhani koseketsa. Nayenso anayamba. Ankawerenga nthabwalazo pa kapepala, akamaliza n'kukweza maso kudikira. Tinkaseka mwaulemu, mochedwa, ngati anthu olipira ngongole. Atasiya zimenezo n'kubwerera ku khalidwe lake lenileni, louma ndi lowerengera mapensulo, m'pamene anayamba kutiseketsa zenizeni, iye osadziwa.

Yerekeza ndi zomwe anachita a Cheers, sewero la m'bala ina ya ku Boston lomwe linayamba mu 1982. Shelley Long, wosewera ngati Diane, atachoka mu 1987 anthu ankati basi zatha, poti nkhani yonse inali pa chikondi chokanganakangana cha Diane ndi Sam. Alembi sanafunefune Diane wachiwiri. Anatembenuza zinthu: Sam wagulitsa bala ija ku kampani, wabwerera chimanjamanja, ndipo tsopano ndi wantchito pamalo pomwe anali mwini, bwana wake ndi Rebecca, yemwe ankamusewera anali Kirstie Alley. Mlendo anabweradi ndi kalumo kakuthwa, sewero linayenda masizoni ena asanu ndi imodzi mpaka 1993. Bala inali yomweyo, mipando yomweyo, makasitomala omwewo. Chinasintha ndi amene akulamula ndi amene akulamulidwa, ndipo kuntchito nkhani imakhala imeneyo.

A Scrubs anachita zosiyana mu sizoni yachisanu ndi chinayi, mu 2009. Anasamutsa nkhani kuchoka m'chipatala chomwe tinazolowera kupita ku sukulu ya madokotala, ndi ophunzira atsopano. Inatha ndi magawo 13. Munthu mmodzi akachoka sewero limapirira, koma kusamutsa nyumba yonse ndi nkhani ina.

Ndiye upitirize? Pitiriza, koma maso ako achoke pa mpando wa manijala. Yang'ana Dwight, Stanley, Phyllis, Creed, anthu a m'mbali aja. Magawo omwe gulu lina likupita ku Tallahassee ku Florida ali ndi moyo, makamaka Stanley akamasuka ngati wamasulidwa m'ndende. Sizoni yomaliza ili ndi mabampu, koma gawo lotsiriza la mu May 2013 ndi loyenera kulifika, ndipo pali mlendo amene adzakusangalatse. Anzako ukawauzenso izi: The Office yoyambirira, ya ku Britain, ya Ricky Gervais ndi Stephen Merchant, ya mu ofesi ya ku Slough, inangokhala ndi magawo 12 ndi awiri apadera a pa Khirisimasi mu 2003, basi n'kutseka. Ya ku America inafika magawo 201. Sewero lotalika choncho kulifunsa kuti gawo lililonse likhale lakupsa ndi kulilakwira.

FUNSO: Achimwene, bwanji anthu awiri okondana mobisa akangogwirizana, sewero limazizira? Ndinaziona pa Jim ndi Pam a mu The Office, tsopano ndikuopa za Janine ndi Gregory a mu Abbott Elementary. — Mayi wa ana awiri

YANKHO: Achemwali, apa ndikutsutsani pang'ono. Ukwati supha sewero. Jim ndi Pam anayamba chibwenzi kumapeto kwa sizoni yachitatu, anakwatirana ku Niagara Falls mu 2009 mu yachisanu ndi chimodzi, ndipo pakati pamenepo pali magawo ena okoma kwambiri a seweroli. Mu Parks and Recreation, Leslie ndi Ben anakwatirana mu sizoni yachisanu, sewero n'kupitirira bwinobwino mpaka 2015. Jake ndi Amy a mu Brooklyn Nine-Nine anakwatirana mu May 2018, mwezi womwewo wailesi ya kanema ya Fox inalengeza kuti yalithetsa sewerolo, ya NBC n'kulitola tsiku lotsatira. Kunena zoona, chimanditopetsa ine ndi kuzengereza: zaka zinayi anthu akuluakulu akungoyang'anizana pa makina a fotokope, wina akati alankhule foni ilira.

Chimene chimaziziritsa sewero ndi chikondi china, cha onse. Masewerowa akamakalamba, alembi amayamba kuwakonda kwambiri anthu awo. Wankhanza uja afewa. Waulesi uja apezeka kuti ali ndi mtima wagolide. Posakhalitsa ofesi yonse ikupita limodzi kutchuthi, kuukwati, kuchipatala kukaona khanda, ngati alibe abale kwawo. Wina aimirira n'kunena kuti ife pano ndife banja. Mawu amenewo ndikawamva ndimadziwa kuti dzuwa lapendeka. Kuntchito kwenikweni amene amanena zoti ndife banja ndi bwana, ndipo amanena tsiku lomwe akufuna mugwire mpaka usiku popanda ovataimu.

Janine ndi Gregory anapsompsonana kumapeto kwa sizoni yachitatu ndipo mu yachinayi ali pachibwenzi poyera. Musawaope. Muziyang'ana Ava. Mayi ameneyo anapeza uhedi poopseza bwana wa maphunziro kuti amuululira chinsinsi, ndipo Janelle James amamusewera mopanda manyazi ngakhale pang'ono. Tsiku lomwe Ava adzasanduke hedi wabwino, wofika pa nthawi yake, wokumbukira mayina a ana onse, mudzandilembere tidzalire limodzi.

FUNSO: Bambo, ine ndimaonera masewerowa kuti ndipume ndikaweruka. Ndiye bwanji sizoni yomaliza ya Brooklyn Nine-Nine ndi ya Superstore anadzazamo za mliri ndi za nkhanza za apolisi? Nkhani zimenezo tinatopa nazo pa nyuzi. — Wogwira ntchito usiku

YANKHO: Achimwene, masewero awiriwa musawaike m'thumba limodzi.

Superstore ndi nkhani ya anthu ogwira ntchito m'sitolo yaikulu ku St. Louis. Sizoni yachisanu ndi chimodzi inayamba mu October 2020. Kodi akanatani? Anthu a m'masitolo ndi amene sanakhale kunyumba nthawi ya Covid-19. Sewero likanawaonetsa akuseka opanda mamasiki likananama. Ndipo nthabwala zake zinachokera mu ntchito momwemo: makasitomala kulimbirana mapepala a kuchimbudzi, akuluakulu a kampani kutumiza mauthenga otcha antchito ngwazi koma zodzitetezera osatumiza zokwanira. Zinali zowawa, koma ndinaseka, chifukwa aliyense amene anayamikiridwapo ndi mawu m'malo mwa ndalama akuzidziwa. Anachita zimenezo America Ferrera, yemwe anali msana wa seweroli, atachoka mu gawo lachiwiri la sizoniyo. Anadzabwereranso potsekera mu March 2021.

Brooklyn Nine-Nine inali pa mpanipani wina. George Floyd ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis mu May 2020, sewero la apolisi okoma mtima ndi osewera ngati ana linakhala lovuta kulemba. Terry Crews ananena poyera kuti alembi anataya magawo anayi omwe anali atalemba kale n'kuyambiranso. Sizoni yachisanu ndi chitatu inatuluka mu August 2021 ndi magawo 10, ndipo gawo loyamba lomwe Rosa wasiya upolisi. Apa ndikugwirizana nanu pang'ono. Cholinga chinali chabwino, koma m'magawo ena anthu amasiya kulankhulana n'kuyamba kutilalikira ife oonera, kenako mwadzidzidzi abwerera ku masewera awo ngati palibe chachitika. Mphindi 22 zinachepa kuti zisenze zonse ziwiri. Amene ananyamula sizoniyo ndi Andre Braugher, wosewera ngati Captain Holt, munthu woti amatha kunena kuti wasangalala kwambiri nkhope ili gwaa ngati khoma. Anamwalira mu December 2023, ndipo chiyambire pamenepo magawo omalizawo ndimawaonera ndi mtima wina.

Ngati mukufuna kungopuma basi, bwererani ku masizoni oyamba. Palibe amene adzakulembeni m'kaundula.

FUNSO: Akulu, ndamva kuti kwatuluka sewero lotchedwa The Paper lochokera ku The Office. Ndaonera gawo limodzi, silinandigwire. Ndi kudyera dzina chabe? — Wokayika

YANKHO: Dzinalo akudyeradi, ndipo sakubisa. Linatuluka pa Peacock, malo oonerapo makanema pa intaneti, mu September 2025 ndi magawo 10. Mmodzi wa olipanga ndi Greg Daniels, yemwe anapanga The Office ya ku America, ndipo nkhani yake ndi yoti ojambula omwe aja a ku Scranton tsopano ali ku Toledo, Ohio, pa nyuzipepala yomwe ikufa. Mkonzi watsopano, yemwe akumusewera ndi Domhnall Gleeson, alibe ndalama zolembera atolankhani, ndiye akutola anthu a mu ofesi momwemo, owerengera ndalama ndi otsatsa malonda, kuti azikasaka nkhani. Kampani yomwe ndi mwini nyuziyo phindu lake lenileni lili pa mapepala a kuchimbudzi. Oscar Nuñez wabwereranso ngati Oscar yemwe uja, ndipo sakufuna n'komwe kuonanso kamera.

Ine monga wolemba m'magazini nkhani ya nyuzi yosauka imandikhudza pena pake, ndiye mwina ndikukondera. Koma maziko ake ndi abwino: pali ntchito yeniyeni, pali tsiku loti nyuzi ituluke zivute zitani, pali anthu osaidziwa ntchitoyo. Chomwe chikusowa m'magawo oyamba ndi kuzolowerana. Azisudzo sanadziwane mayendedwe, alembi sanadziwe kuti ndani amaseketsa akakhala chete.

Zimenezi si zachilendo. The Office ya ku America inayamba mu March 2005 ndi magawo 6, loyambalo pafupifupi kukopera la ku Britain, Michael ali munthu wowawa woti sungamupirire. Anamufewetsa pang'ono mu sizoni yachiwiri, sewero n'kunyamuka. Parks and Recreation nayo inayamba mu 2009 ndi magawo 6, Leslie Knope akuoneka ngati wopepera. Atamusintha kukhala mayi wodziwa ntchito yake koma wochita mopyola muyezo, kenako Adam Scott ndi Rob Lowe n'kulowa kumapeto kwa sizoni yachiwiri, linasanduka sewero lina. Vuto la masiku ano ndi loti kale sizoni inkakhala ndi magawo oposa 20, kuyambira September mpaka May, ndipo alembi ankaona zomwe oonera akuseka n'kukonza ali m'kati. Pano magawo 10 amajambulidwa onse, n'kutulutsidwa, kukonza kudikire chaka chamawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma masiku ano nkhonoyo amaipatsa nthawi yochepa. Malizani khumiwo, si ambiri, ndipo chiweruzo chenicheni musungire sizoni yachiwiri.

FUNSO: Bambo, tiweruzeni. Amuna anga akuti sewero lomveka anthu akuseka kumbuyo ndi lachikale ndipo limatenga oonera ngati zitsiru. Ine ndikuti lopanda kusekako limakhala ngati pamaliro. — Mayi wotopa ndi kulimbirana rimoti

YANKHO: Mayi, milandu ya m'banja ndimaiopa, koma ndiyesa. Bambowo adziwe kuti kuseka kuja sikuti nthawi zonse n'kwa makina. Cheers inkajambulidwa pamaso pa anthu enieni, chimodzimodzi The IT Crowd ya ku Britain, ya anyamata a makompyuta otayidwa m'chipinda chapansi pa kampani ina ku London. Azisudzo amachita kudikira kuti anthu amalize kuseka, ngati pa siteji. Inunso mudziwe kuti masewero enawa kusekako anangokusintha maonekedwe. Jim akatembenukira ku kamera n'kukweza zikope, kapena Gregory akaiyang'ana ndi maso otuzuka, akukuuzani kuti sekani apa. Ndi belu lomwelo, kungoti ili silimveka.

Kunyumba kwanga woweruza ndi mayi a ana. Iwo masewerowa saonera, amakhala akupinda zovala chakumbali, nsana ataulozetsa ku TV. Sizoni yatsopano ikayamba ine ndimatchera khutu kwa iwo. Tsiku lina tikuonera Abbott, Mr. Johnson wosesa uja ananena kanthu kena ndi mawu ake aulesi aja, ndinangomva kumbuyo kwanga munthu akutsamwa ndi phwete, malaya a mwana ali m'manja. Anandifunsa kuti, "Ameneyo ndi ndani?" Ndinawauza. Anakoka mpando, zovala zija zinagona pomwepo mpaka m'mawa.